Ndalama za Misonkho pa Mapulogalamu Otseguka a Pakompyuta: Njira Iti Imafikadi kwa Wogwiritsa Ntchito?

Boma likalengeza kuti laika ndalama pa mapulogalamu otseguka a pakompyuta, nyuzipepala zimalemba za mamiliyoni ndi mayina a nduna, koma amene amadziwa bwino ngati ndalamazo zagwira ntchito ndi kalaliki amene wafika mu ofesi m'mawa, wayatsa kompyuta, watsegula kalata yochokera ku dipatimenti ina, ndipo akuyang'ana ngati mizere ya tebulo la m'kalatamo ili m'malo mwake kapena yalowana. Kalaliki ameneyu ndiye muyeso wanga poyerekeza njira zimene maboma, makamaka a ku Ulaya, akhala akuyesa kwa zaka zoposa 20.

Mapulogalamu otseguka ndi aja amene malangizo ake onse, omwe akatswiri amawatcha code, amaikidwa poyera kuti aliyense awerenge, asinthe ndi kugawira anzake popanda kulipira laisensi. Odziwika kwambiri pa kompyuta ya pa desiki ndi Linux, imene imayendetsa kompyuta yonse monga imachitira Windows, pamodzi ndi GNOME kapena KDE zimene zimapereka maonekedwe amene munthu amaona akayatsa makina, LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengera, Firefox yoyendera pa intaneti, Thunderbird ya maimelo, ndi VLC yoonerera makanema. Kutenga mapulogalamuwa n'kwaulere, koma kuwapanga ndi kuwasamalira si kwaulere, chifukwa pali anthu amene amatha zaka akukonza zolakwika, ndipo anthuwo amafunika kudya ndi kulipira lendi. Apa ndi pamene ndalama za boma zimabwera, ndipo khomo limene zalowera limasintha kwambiri zimene wogwiritsa ntchito adzakumana nazo.

Boma kudzikonzera Linux yakeyake

Mzinda wa Munich ku Germany ndi umene umatchulidwa koyamba nthawi zonse, ndipo m'pomveka. M'chaka cha 2003 khonsolo ya mzindawu inagwirizana zochoka pa Windows, ngakhale kuti Steve Ballmer, yemwe panthawiyo anali mkulu wa Microsoft, anapita yekha kukakumana ndi meya Christian Ude n'cholinga choti mzindawu usinthe maganizo. Akatswiri a khonsolo anakonza Linux yawoyawo n'kuitcha LiMux, anaikamo KDE ndi OpenOffice yolembera makalata ndi kuwerengera, imene pambuyo pake inalowedwa m'malo ndi LibreOffice, ndipo anapanganso chida chotchedwa WollMux chothandiza ogwira ntchito kulemba makalata ndi mafomu a khonsolo m'njira yofanana. Pofika m'chaka cha 2013 makompyuta pafupifupi 15,000 anali atasamutsidwa, ndipo khonsolo inanena kuti yapulumutsa mayuro oposa 10 miliyoni.

Ubwino wa njira imeneyi ndi woonekeratu: mzinda umakhala ndi ulamuliro pa chilichonse, umasankha wokha nthawi yosinthira mapulogalamu, ndipo luso limakhala mwa antchito ake. Koma katundu amene mzinda umasenza ndi wolemera kuposa mmene amaonekera poyamba. Aliyense amene wakonza Linux yakeyake wadzipatsa ntchito yoyesa pulogalamu iliyonse yatsopano asanaitumize ku maofesi, ndipo gulu la akatswiri likakhala laling'ono, ogwira ntchito amatsalira ndi mapulogalamu akale pamene dziko lonse lapita patsogolo. Kalaliki wathu uja amalandira chikalata cha Word kuchokera ku boma lalikulu kapena ku kampani, chikalatacho chimatseguka molakwika, ndipo iye sadziwa ngati vuto ndi Linux, ndi pulogalamu yakale, kapena ndi netiweki ya khonsolo. Amangodziwa kuti kunyumba kwake sizichita choncho.

Mu 2014 Munich inasankha meya watsopano, Dieter Reiter, yemwe sankaikonda LiMux. Mu 2016 Microsoft inasamutsira likulu lake la ku Germany mumzindawu, ndipo mu 2017 khonsolo inavota kubwerera ku Windows, ntchito imene inayerekezedwa kuti idzadya mayuro pafupifupi 50 miliyoni. Anthu amatsutsana mpaka lero ngati kusamuka kwa likulu kuja kunakhudza chisankhocho, ndipo ine sindikufuna kuikapo mlandu. Chimene chili ndi phunziro lalikulu ndi chakuti kafukufuku amene khonsolo inaitanitsa anasonyeza kuti mavuto ambiri ankachokera ku mmene ntchito za makompyuta zinagawidwira m'madipatimenti ambirimbiri, aliyense akuchita zake. Linux inasenza mlandu wa chisokonezo chimene sichinali chake chokha, ndipo popeza ntchito yonse inali itatsamira pa andale a nthawi imodzi, andalewo atasintha, ntchito ya zaka zoposa 10 inagwedezeka. Mu 2020 mgwirizano watsopano wa zipani mu khonsolo unalonjezanso kutsogoza mapulogalamu otseguka, koma wogwira ntchito amene waphunzitsidwa kawiri ndi kusinthidwa kawiri sakhulupiriranso msanga. Chigawo cha Extremadura ku Spain, chimene chinayamba Linux yakeyake yotchedwa LinEx mu 2002 makamaka chifukwa cha masukulu, chinakumananso ndi kulemera komweku kosamalira Linux yachokha. Mwa njira zonse, iyi ndi imene ndingalangize boma lililonse kuti liiganizire kawiri.

Kusamuka pang'onopang'ono, kuyambira pa zimene munthu amagwira tsiku ndi tsiku

Apolisi a Gendarmerie ku France anayenda njira ina, ndipo mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha ukuwayenera. Iwo sanayambe ndi kuchotsa Windows. Pofika mu 2005 anali ataika OpenOffice pa makompyuta awo m'malo mwa Microsoft Office, mu 2006 anayamba kugwiritsa ntchito Firefox ndi Thunderbird, ndipo mu 2008 ndi pamene anayamba kusamukira ku Ubuntu, mtundu wina wa Linux, imene anaikonza pang'ono n'kuitcha GendBuntu. Lero makompyuta pafupifupi 100,000 a apolisiwa amayendera pa Linux.

Taganizirani mmene wapolisi wa pa siteshoni ya kumudzi anaonera kusinthaku. Tsiku limene kompyuta yake inachoka pa Windows, pulogalamu yolembera lipoti inali yomwe ija imene wakhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka, imelo inali yomwe ija, ndipo mafayilo a milandu ankawapeza kudzera mu Firefox monga kale. Chimene chinasintha ndi malo a mabatani ochepa. Ndalama za boma pano sizinapite kwenikweni pa kupanga chinthu chatsopano, koma pa kusintha mapulogalamu a mkati mwa bungwe kuti azigwira ntchito pa pulogalamu iliyonse yoyendera pa intaneti, pa kuphunzitsa anthu, ndi pa kusamalira makina onse kuchokera pamalo amodzi. Tisaiwale kuti Gendarmerie ndi gulu lotsata malamulo ngati a asilikali, kumene lamulo likatsika limatsatidwa, ndipo zimenezi zinapeputsa ntchito kuposa mmene zingakhalire mu khonsolo ya madipatimenti odziimira paokha. Komabe ndondomeko yawo, yoyamba ndi mapulogalamu kenako n'kutsiriza ndi Linux, ingatengedwe ndi aliyense.

Chigawo cha Schleswig-Holstein kumpoto kwa Germany chikutsata ndondomeko yomweyi. Mu Epulo 2024 boma la chigawochi linalengeza kuti makompyuta pafupifupi 30,000 achoka pa Microsoft Office kupita ku LibreOffice, ndipo Linux idzabwera pambuyo. Mu 2025 anasamutsa maimelo a ogwira ntchito kupita ku Open-Xchange ndi Thunderbird, ndipo apa m'pamene panaoneka kuti walira mvula walira matope, pakuti ogwira ntchito, kuphatikizapo a m'makhothi, anadandaula poyera kuti maimelo akuvuta pa nthawi yosamukayo. Nduna yoona za ntchitoyi, Dirk Schrödter, sinabwerere m'mbuyo, ndipo chifukwa chimene boma limapereka si ndalama zokha ayi, koma chakuti zikalata ndi mbiri za nzika zisamadalire kampani imodzi ya kunja imene ingasinthe mitengo kapena malamulo nthawi iliyonse. Unduna wa za chitetezo ku Italy unayamba kusamukira ku LibreOffice mu 2015, ndipo unduna woona za digito ku Denmark unalengeza zoyamba ulendo wofananawo mu 2025.

Njirayi ili ndi ubwino wina umene sutchulidwa kawirikawiri. Boma likakhala ndi anthu 30,000 pa LibreOffice, limakhala kasitomala weniweni, ndipo likapeza kuti matebulo a m'zikalata zake akusokonekera, likhoza kulemba ganyu kampani ya akatswiri a LibreOffice kuti ikonze vutolo m'pulogalamu yaikulu imene aliyense amatenga. Kukonzako kumafika kwa mphunzitsi wa ku Brazil ndi wophunzira wa ku Zomba popanda iwo kulipira kanthu. Kuipa kwake n'kwakuti zimenezi zimachitika pokhapokha ngati boma lavomera kuti gawo la ndalama zimene lapulumutsa pa malaisensi libwerere ku mapulogalamuwo. Boma limene langotenga zaulere n'kuika ndalama zonse m'thumba lina lidzadabwa pakapita zaka zitatu madandaulo akadzachuluka popanda wowayankha.

Ndinaona ndekha pamene pamagona vuto lenileni nditaika Linux pa laputopu yakale ya m'bale wanga wina amene amachita bizinezi yaing'ono. Pulinta inagwira ntchito nthawi yomweyo, intaneti inalowa, ndipo makina amene ankatenga mphindi zingapo kuti ayake anayamba kuyaka msanga. Kwa milungu itatu sanandiimbire foni. Tsiku lina ofesi ina inamutumizira fomu yowerengera ndalama yokhala ndi ma macro, omwe ndi timalangizo tochititsa fomu kudzidzaza ndi kuwerengera yokha, mabokosi ena anakana kudzaza okha, tsiku lomaliza kupereka fomuyo linali mawa lake, ndipo anandiuza mosabisa kuti ndimubwezere kompyuta yake yakale. Iye sanalakwe. Munthu saweruza pulogalamu ndi zinthu 99 zimene zayenda bwino, amaiweruza ndi chimodzi chimene chamulepheretsa kupereka fomu. N'chifukwa chake boma limene likusamuka liyenera kuyamba ndi kuwerenga mafomu, ma macro ndi zikalata zake zonse, ndi kulamula kuti maofesi azitumizirana zikalata m'mtundu wotseguka wa ODF, umene unavomerezedwa ndi bungwe loona za miyeso padziko lonse la ISO mu 2006.

Kulipira pa gwero

Njira yachitatu ndi yatsopano ndipo ndimaiona kuti ndi yanzeru kwambiri pa ntchito imene inakonzedwera. Mu 2022 boma la Germany, kudzera mu unduna woona za chuma ndi nyengo, linakhazikitsa Sovereign Tech Fund, thumba limene tsopano lili pansi pa Sovereign Tech Agency. Cholinga chake si kugulira maofesi a boma mapulogalamu, koma kulipira ntchito yosamalira maziko amene mapulogalamu ambiri amaimapo, monga mmene boma limakonzera milatho ndi mapaipi a madzi. Mu Novembala 2023 thumbali linapereka mayuro 1 miliyoni ku GNOME, ndipo mu 2024 linathandizanso FFmpeg, imene imagwira ntchito mobisika m'mapulogalamu ambiri a makanema, komanso FreeBSD, imene imayendetsa kompyuta mofanana ndi Linux.

Ndalama za GNOME zinapita ku ntchito zimene anthu ongodzipereka amazizengereza chifukwa ndi zovuta ndiponso zosaoneka: kukonza njira zothandizira anthu olumala, kuteteza mafayilo a munthu aliyense pa kompyuta imene anthu angapo amabwerekana, kusunga bwino mawu achinsinsi, ndi kukonza zida zoyesera pulogalamu isanatulutsidwe. Munthu wamba amene watsegula GNOME lero sangaloze chala pa chinthu chimodzi n'kunena kuti ichi n'chimene ndalama za ku Germany zinagula. Koma kwa munthu wosaona, amene amadalira Orca, pulogalamu yomuwerengera mokweza zimene zili pa sikirini, nkhani ndi ina. Pamene Linux inkasamuka kuchoka pa X11, njira yakale yoonetsera zinthu pa sikirini, kupita ku njira yatsopano ya Wayland, zinthu zina zimene Orca inkadalira, monga kumva mabatani amene munthu akudina, zinasokonekera chifukwa Wayland imaletsa pulogalamu imodzi kusuzumira zimene zikuchitika mu inzake. Kuletsako n'kwabwino pa chitetezo, koma kwa wosaona kunatanthauza kuti kompyuta imene inkalankhula naye yayamba kukhala chete pa malo ena. Anthu otere ndi ochepa moti palibe kampani imene ingathamangire kuika ndalama zambiri pa vuto lawo, ndipo iyi ndiyo ntchito yoyenera ndalama za misonkho, pakuti boma ndi la onse.

Chofooka cha njirayi ndi nthawi. Ndalamazi zimabwera ngati kontirakiti ya ntchito zotchulidwa, ndipo kontirakiti ikatha akatswiri amene analembedwa ganyu amapita kukafuna kwina, kusiya code yatsopano imene ikufunikabe woisamalira. Ndiponso ndalama za ntchito yapadera sizilipira zoyendetsera bungwe: m'chaka cha 2024, pamene ntchito za mayuro 1 miliyoni zija zinali mkati, GNOME Foundation inachepetsa antchito ake chifukwa cha kuperewera kwa ndalama zake. Nkhani ya xz ya mu Malichi 2024 imasonyeza chifukwa chake kusamalira kosalekeza kuli kofunika. Kapulogalamu kakang'ono kopanikizira mafayilo, kopezeka pafupifupi mu Linux iliyonse, kankasamalidwa ndi munthu mmodzi wotopa, ndipo wina amene anadzionetsa ngati mthandizi kwa zaka anabisamo khomo lolowera akuba, limene katswiri Andres Freund analitulukira ataona kuti makina ake akuchedwa pang'ono. Thandizo la chaka chimodzi silithetsa vuto la mtundu umenewo.

Thandizo laling'ono ndi mphoto za opeza zolakwika

Pali njira ziwiri zimene ndingazidutse mofulumira, osati chifukwa ndi zopanda pake, koma chifukwa malire ake ndi odziwikiratu. Bungwe la NLnet ku Netherlands limagawa ndalama za European Commission, pansi pa ndondomeko ya Next Generation Internet, kwa anthu ndi timagulu, kawirikawiri mayuro 5,000 mpaka 50,000, ndipo Prototype Fund ya ku Germany, imene inayamba mu 2016, imachitanso zofanana kwa miyezi ingapo. Fomu yopemphera si yaitali, munthu mmodzi akhoza kupempha popanda kampani, ndipo zinthu zatsopano zambiri zabadwira pamenepa. Kwa wogwiritsa ntchito, zotsatira zake zimakhala chinthu chimodzi chatsopano m'pulogalamu imene amaikonda, kapena pulogalamu yatsopano imene mwina idzakhalitsa, mwinanso ayi. Mu 2024 mabungwe ambiri analemba kalata yodandaula ataona kuti ndalama za Next Generation Internet sizikuoneka m'mapulani a chaka chotsatira, umboni wakuti ngakhale mtsinje uwu ukhoza kuphwa.

Ntchito ya EU-FOSSA inabadwa pambuyo pa vuto la Heartbleed la mu 2014, cholakwika chachikulu m'pulogalamu yotseguka yoteteza mauthenga a pa intaneti, aphungu a nyumba ya malamulo ya European Union atapempha kuti mapulogalamu otseguka amene mabungwe awo amagwiritsa ntchito aunikidwe. Mu 2019 ntchitoyi inapereka mphoto kwa aliyense wopeza zolakwika za chitetezo m'mapulogalamu monga VLC, 7-Zip, Notepad++, KeePass ndi PuTTY, ndipo mu PuTTY munapezeka cholakwika chimene chinakhalamo zaka pafupifupi 20. Phindu lake ndi lenileni, koma njirayi imalipira wopeza vuto kuposa wolikonza, moti gulu laling'ono la osamalira pulogalamu likhoza kupezeka litaunjikiridwa malipoti popanda manja owonjezera.

Malamulo nawonso amathandiza ngakhale kuti paokha sapereka ndalama. Kampeni ya bungwe la Free Software Foundation Europe, yoyamba mu 2017, imanena kuti pulogalamu yolipiridwa ndi ndalama za anthu ikhale ya anthu, ndipo dziko la Switzerland lili ndi lamulo, logwira ntchito kuyambira mu 2024, lokakamiza boma lalikulu kuika poyera code ya mapulogalamu amene lapangitsa, kupatula pamene pali zifukwa za chitetezo kapena ufulu wa ena. Lamulo lotere limateteza ntchito kuti isafe meya akasintha, chimene chinasowa ku Munich.

Kumene thumba la boma ndi laling'ono

Ndikafunsidwa kuti ndisankhe, ndinganene kuti boma limene likufuna kuti kalaliki wake aone kusintha kwabwino litenge njira ya Gendarmerie, liike pambali gawo lodziwika la ndalama za malaisensi kuti lizilipira okonza mapulogalamu chaka ndi chaka, ndipo lisiye kukonza Linux yakeyake pokhapokha ngati lili ndi akatswiri okwanira kwa zaka zambiri. Kulipira pa gwero n'koyenera mayiko olemera, ndipo kukanakhala bwino kukanakhala kosalekeza osati kwa chaka chimodzi.

Kwa mayiko ngati Malawi ndi Zambia nkhaniyi si yakutali. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna makina okhala ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopano, zimene makompyuta ambiri akaunjika a m'masukulu ndi m'maofesi mwathu alibe. Makina amenewa akhoza kugwirabe ntchito zaka zingapo pa Linux. Boma la Kerala ku India lasonyeza kuti zimatheka popanda chuma cha ku Ulaya, pakuti kudzera mu ntchito ya IT@School, imene mu 2017 inasanduka KITE, masukulu a boma amagwiritsa ntchito Linux, ndipo mphamvu zambiri zinapita pa kuphunzitsa aphunzitsi ndi kukonza maphunziro ogwirizana ndi silabasi m'chinenero cha Malayalam. Ifenso tikudya kale zipatso za misonkho ya ena, popeza DHIS2, pulogalamu yotseguka imene unduna wa zaumoyo ku Malawi umasonkhanitsira ziwerengero za m'zipatala, imapangidwa motsogozedwa ndi University of Oslo ndi thandizo lochokera ku boma la Norway ndi mabungwe ena.

Sitingapikisane ndi Germany polipira maziko a GNOME, ndipo palibe chifukwa choyesera, chifukwa zimene iwo alipira tikhoza kuzitenga kwaulere. Ndalama zathu zochepa ziyenera kupita ku zimene palibe wina angatilipirire. Choyamba ndi munthu wodziwa makina m'boma lililonse la dziko lathu, amene mphunzitsi angamuimbire foni pulinta ikakana kapena fomu ikasokonekera, ndipo afike sabata yomweyo. Chachiwiri ndi chinenero chathu: mndandanda waukulu wa mawu a Chichewa woti LibreOffice ndi Firefox zizizindikira tikalakwitsa kalembedwe, mabatani ndi mauthenga omasuliridwa ndi anthu odziwa Chichewa bwino mothandizana ndi akatswiri a zinenero a m'mayunivesite athu, ndi kiyibodi imene mwana wa sukulu angalembere chilembo cha ŵ popanda kukachisaka pa intaneti. M'mapulogalamu otseguka khomo la ntchito imeneyi ndi lotsekula, safuna chilolezo cha kampani iliyonse, ndipo malipiro a omasulira ochepa kwa zaka ziwiri kapena zitatu ndi ndalama imene unduna wa zamaphunziro ungaipeze mu bajeti yake.